Khamu la pa Yorodano: kodi unyinji wa olapa ndi umboni?

M'chaka cha 15 cha ulamuliro wa Tiberiyo Kaisara, cha m'ma 28 kapena 29 AD, munthu wovala chovala cha ubweya wa ngamila anayamba kulalikira m'chipululu cha Yudeya, ndipo anthu anasiya minda ndi malonda awo kukamumvera. Marko akunena kuti a m'dziko la Yudeya ndi a mu Yerusalemu ankatsikira ku mtsinje wa Yorodano, n'kumaulula machimo awo pobatizidwa. Ngakhale Josephus, Myuda wolemba mbiri amene sanali Mkhristu, akuchitira umboni kuti anthu ankakhamukira kwa Yohane Mbatizi, mpaka Herode Antipa anachita mantha kuti angadzutse chipolowe, namutsekera m'linga la Machaerus komwe anamuphera. Zoti khamu linalipo palibe amakana. Pamene Akhristu amasiyana ndi pa tanthauzo la khamulo.

Nkhaniyi sithera m'mabuku a abusa. Akuluampingo akakhala pansi kusankha mlaliki woti amuitane ku msonkhano wachitsitsimutso, mawu amene amatseka aliyense pakamwa ndi akuti, "Komwe anapita chaka chatha bwalo linadzaza." Ndalama za mpingo zimatsata mawu amenewo. M'nyumba zina mayi amatsata mneneri, bambo n'kutsalira ku mpingo wakale, ndipo akamakangana madzulo chimene mayi amaloza ndi chinamtindi cha anthu chomwecho. Mutu wa mtsutso wathu ndi uwu: Anthu ambiri akalabadira mneneri wowaitana kuti alape, umenewo ndi umboni wakuti mneneriyo watumidwa ndi Mulungu, ndiponso kuti kulapako n'koona.

Mbali yovomereza

1. Yesu mwini anatenga khamu ngati mboni. Yona analowa mu Nineve, mzinda waukulu wa Asuri umene mabwinja ake ali ku Mosul m'dziko la Iraq, ndi uthenga wakuti kwatsala masiku 40 kuti mzindawo upasuke. Mzinda wa anthu oposa 120,000 unasala kudya ndi kuvala ziguduli, kuyambira wamkulu mpaka wamng'ono. Yesu sanakutche kutengeka kulapa kumeneku. Ananena kuti anthu a ku Nineve adzaimirira pa tsiku la chiweruzo ndi kuutsutsa m'badwo wake. Tsiku lina akulu a ansembe atamufunsa m'Kachisi za amene anamupatsa ulamuliro, Iye anawabwezera funso la ubatizo wa Yohane, ngati unachokera kumwamba kapena kwa anthu. Iwo anasowa chonena poopa anthu wamba, omwe onse ankamuyesa Yohane mneneri. Pa nkhani imeneyi ophunzira ndi amene anasokera, khamu ndi lomwe linaona bwino.

2. Kulapa si malonda oyenda. Khamu lothamangira chakudya kapena machiritso silidabwitsa, popeza njala ndi matenda zimasonkhanitsa anthu kulikonse. Koma Yohane sanachite chozizwitsa ngakhale chimodzi, sanagawe mkate, ndipo obwera kwa iye anawalandira ndi mawu olasa, kuwatcha ana a njoka. Kuchoka ku Yerusalemu kukafika ku Yorodano ndi ulendo wa makilomita oposa 30, kutsetsereka mamita oposa 1,000, ndipo pobwerera n'chitunda chokhachokha. Munthu sayenda mtunda wotere kuti akadzudzulidwe, n'kudzivulanso ulemu poulula zam'seri anansi ake akumva, ngati m'kati mwake mulibe china chomukankha. Ovomereza amati chomukankhacho ndi Mzimu Woyera, ndipo chikakankha anthu zikwizikwi nthawi imodzi, kukana kuchiona ndi kuuma mtima.

3. Machimo ena ndi a mudzi wonse, ndipo kulapa kwake kumafunanso mudzi wonse. Lamulo la mfumu ya Nineve linatchula chiwawa chimene chinali m'manja mwa anthu ake. Chiwawa cha mzinda sichitha chifukwa munthu mmodzi wasiya. Kalaliki mmodzi akakana ziphuphu muofesi imene ena onse amalandira, anzake amamusala kapena kumukonzera kuti asamutsidwe. Pamudzi pamene aliyense akuopa kutaya chithumwa chake poganiza kuti mnzake akadasungabe chake, njira yokhayo yotayira ndi kutaya onse tsiku limodzi, pamoto umodzi. Otsutsa akati anthu amangotengera anzawo, ovomereza amayankha kuti tchimolo linafalanso mwa kutengerana. Chingalakwike n'chiyani kulapa kukadzera njira yomweyo?

4. Mbiri ili ndi makamu amene anakhalitsa. Mu 1913 William Wadé Harris wa ku Liberia anayamba kuyenda wapansi m'mphepete mwa nyanja ya Ivory Coast mpaka kulowa mu Gold Coast, yomwe lero ndi Ghana. Ankavala mkanjo woyera, m'manja atanyamula mtanda wandodo, Baibulo ndi kambale ka madzi obatizira. Ankauza anthu kuti atenthe zithumwa zawo, asunge Lamulungu, ndipo adikire aphunzitsi amene adzabwere ndi Buku. Zaka ziwiri zisanathe anthu pafupifupi 100,000 anali atabatizidwa, ndipo boma la atsamunda la France linamuthamangitsa m'dzikomo. Aliyense akanayembekeza kuti zathera pomwepo. Koma mu 1924 mmishonale wa Methodist, William Platt, anapeza anthu zikwizikwi akusonkhanabe m'matchalitchi omanga okha, ena atasunga Mabaibulo a Chingelezi amene sankatha kuwerenga. Zaka pafupifupi khumi popanda mneneri, popanda mmishonale, popanda wowalipira. Nawonso otsatira a Yohane sanazimirire mutu wake utadulidwa: Paulo anakapeza amuna ngati 12 ku Efeso, kutali kwambiri ndi Yorodano, omwe ankangodziwa ubatizo wa Yohane. Ndipo Luka sachita manyazi kuwerenga mitu. Amatiuza za anthu ngati 120 osonkhana Pentekoste isanafike, kenako 3,000 obatizidwa tsiku limodzi, monga munthu woonetsa zimene Mulungu anachita.

Mbali yotsutsa

1. Woyamba kulikayikira khamu la pa Yorodano ndi Yohane yemweyo. Mu Uthenga wa Luka, mawu aja a ana a njoka akulunjika kwa khamu lodzabatizidwa, osati kwa otsalira kunyumba. Mlaliki wokhulupirira kuti unyinji ndi umboni akanayamba ndi kuthokoza. Yohane anayamba ndi kufunsa amene anawachenjeza kuti athawe mkwiyo, ngati akuona njoka zikuthawa moto wa lupsa, zomwe zimasintha malo koma ululu zili nawobe. Atamufunsa chochita, mayankho ake anali a pansi pano. Wa malaya awiri agawire wopanda, wa chakudya achite chimodzimodzi. Okhometsa msonkho asatenge koposa chimene anawalamula. Asilikali asalande za anthu moopseza kapena mowanamizira, ndipo akhutire ndi malipiro awo. Palibe chimodzi mwa izi chimene chikanaoneka m'mbali mwa mtsinje. Zonse zikanaoneka patapita masiku, pa tebulo la msonkho, pa msewu, ndi tsiku lolandira malipiro. Yesu naye, polankhula za Yohane, anauza omumvera kuti anakondwera ndi kuwala kwake kwa kanthawi chabe.

2. Ngati khamu ndi umboni, Yeremiya anali mneneri wonama. Analalikira zaka ngati 40, kuyambira chaka cha 13 cha mfumu Yosiya mpaka Yerusalemu atagwa m'manja mwa Ababulo, ndipo malipiro ake anali kukwapulidwa, matangadza ndi chitsime cha matope. Wokondweretsa anthu anali Hananiya, amene anathyola goli la Yeremiya pamaso pa onse, nalonjeza kuti pomatha zaka ziwiri zonse zikhala bwino. Mikaya anaima yekha pamaso pa Ahabu pamene aneneri 400 ankayankhula chimodzi. Yesaya anauzidwa tsiku lomwe anatumidwa kuti anthu adzamva koma osamvetsa. Buku la Deuteronomo limapereka miyeso iwiri ya mneneri: ngati mawu ake akwaniritsidwa, ndiponso ngati akutsogolera anthu kwa Mulungu woona kapena kwa milungu ina. Pa miyeso iwiriyi palibe wowerenga mitu ya anthu.

3. Anthu amasonkhana pa zifukwa zambiri, ndipo chithunzi cha bwalo lodzaza sichizisiyanitsa. Chitsanzo chili kwathu konkuno. Elliot Kamwana Chirwa, Mtonga wophunzira ku sukulu za mishoni ya Livingstonia, anabwerera ku Nkhata Bay chakumapeto kwa 1908 atakumana ndi mmishonale Joseph Booth ku Cape Town ndi kulandira chiphunzitso cha Watch Tower. M'miyezi yochepa anabatiza anthu pafupifupi 10,000. Kodi onsewo anali olapa? Ena mosakayika anali. Koma mishoni inkasunga anthu zaka m'kalasi isanawabatize, pamene Kamwana ankabatiza mwaulere ndiponso mosachedwetsa. Anthu anali olemedwa ndi msonkho wa nyumba, amuna ambiri ali ku migodi ya kumwera, ndipo iye ankalonjeza kuti mu 1914 ulamuliro watsopano udzafika ndipo msonkho udzatha. Boma linamuchotsa m'dziko mu 1909, ndipo analoledwa kubwerera kwawo mu 1937. Chimene 1914 inabweretsa ndi nkhondo ndi mtengatenga. Khamu la Kamwana linali umboni weniweni, koma umboni wa dandaulo la anthu pa mishoni ndi pa boma. Za amene anamutuma, khamulo silikanatha kunena. Ezekieli anauzidwanso kuti anthu odzakhala pamaso pake ankamumvera monga amamverera woimba wa mawu okoma, n'kupita osachita kanthu.

4. Moto wamapesi suchedwa kuzima. Pa phiri la Karimeli anthu onse anagwa chafufumimba ndi kuvomereza Yehova, koma chaputala chotsatira chikumupeza Eliya akuthawa Yezebeli, akudandaula kuti watsala yekha. Ku Florence mu 1497, anthu omvera mlaliki Girolamo Savonarola anaunjika zovala zamtengo wapatali, magalasi ndi zithunzi pabwalo la mzinda n'kuzitentha. Mu May 1498 anamupachika ndi kumutentha iyeyo pabwalo lomwelo, khamu likuonerera.

Pano ndinenepo zimene ndinaona ndekha. Zaka zingapo zapitazo ndinali mmodzi wa alangizi pa msonkhano wa masiku atatu pabwalo la mpira kwathu. Mlaliki akaitana, anthu ankabwera kutsogolo, fumbi lili koboo, ife tikulemba maina pa timakhadi tobiriwira ndi mapensulo oduladula pakati kuti akwanire tonse. Usiku womaliza makhadi anadzaza katoni ya sopo, ndipo tinainyamula anthu awiri tikuimba. Lamulungu lotsatira tinaonjezera mabenchi obwereka kusukulu. Pofika nthawi yopalira chimanga mabenchi aja tinali titabweza. Katoni ija ndinakaipeza chaka chotsatira m'kachipinda ka kuseri kwa guwa, pansi pake chiswe chitadya. Lipoti lopita ku likulu la mpingo linali litatumizidwa kalekale, m'sabata yomweyo ya msonkhano, ndi nambala yonse.

5. M'khamu muli mantha ndi chikakamizo. Ku Nineve kulapa kunasanduka lamulo la mfumu, moti ngakhale ng'ombe ndi nkhosa zinasala kudya ndi kufundika ziguduli. Ng'ombe ilibe tchimo loti ilape, komabe woona patali akanaiwerengera pamodzi ndi olapa. M'masiku a Yosiya, cha m'ma 622 BC, anthu onse analowa m'pangano mfumu itawatsogolera, koma Yeremiya ananena kuti Yuda anabwerera mwachiphamaso. Pamudzi, amfumu akaimirira, ndani angatsale pansi? Ndipo pamene mlaliki wanena kuti pali mfiti pakati pa anthu, wosabwera kutsogolo amadziwa kuti mawa chala chiloza iye. Choopsa china n'chakuti chiphunzitso chakuti khamu ndi umboni chimamangira mneneri linga. Wofunsa za ndalama, za mtsikana amene anapita kukapemphereredwa usiku, kapena za wodwala amene anauzidwa kuti asiye ma ARV, amayankhidwa ndi funso limodzi lokha: iwe ndiwe yani pamaso pa anthu onsewa?

Kuyeza mbali ziwirizi

Mutu wathu wamanga zinthu ziwiri m'mtolo umodzi, ndipo zimalemera mosiyana. Choyamba ndi chakuti khamu limatsimikizira mneneri. Pamenepa otsutsa apambana poyera, ndipo sindikuona momwe ovomereza angamuyankhire Yeremiya. Muyeso umene umamukweza Hananiya ndi kumugwetsa Yeremiya ndi muyeso wokhota. Yona mwini akuonetsa zomwezo kuchokera mbali ina: ndi mneneri amene anamveredwa ndi mzinda wathunthu, koma ndiyenso wosamvera kuposa aneneri anzake. Chipambano cha ku Nineve sichikutiuza chabwino chilichonse za mtima wa mlalikiyo.

Chachiwiri, chakuti kulapa kwa khamu n'koona, n'chovutirapo, ndipo apa otsutsa amapitirira muyeso. Amakonda kunena kuti Nineve anawonongedwabe mu 612 BC, monga Nahumu ananenera. Koma pakati pa Yona wa m'masiku a Yerobowamu wachiwiri ndi kugwa kwa mzindawo panapita zaka zoposa 100. Kuchimwa kwa zidzukulu sikusandutsa kulapa kwa agogo kukhala bodza. M'fanizo la wofesa, mbewu yogwera m'malo atatu mwa anayi inapita pachabe, ndipo palibe amene anati mbewuyo inali yoipa kapena wofesayo anali wonyenga. Otsutsa asamalenso ndi mzimu wa Yona, amene anakakhala kunja kwa mzinda atakwiya kuti anthu alapa. Pali Akhristu ena amene khamu lililonse limawanyansa, makamaka likasonkhana kwa mlaliki wosaphunzira kapena wa mpingo wina. Tchalitchi chopanda anthu nachonso si umboni wa kukhulupirika. Nthawi zina chimangokhala chopanda anthu chifukwa mulibe chomva.

Jonathan Edwards anaima pakati pa mkangano womwewu ku America. Iye anaona chitsitsimutso mumpingo wake ku Northampton mu 1734 ndi 1735, ndipo mu 1741 analemba poteteza zitsitsimutso kwa ozinyoza. Koma anatero posanja zinthu zimene sizitsimikizira mbali iliyonse: kulira ndi kunjenjemera, phokoso la nkhani zachipembedzo m'mudzi, kutengera chitsanzo cha anzako, ngakhalenso kugwa kwa ena pambuyo pake. Izi anati zikhoza kupezeka pa ntchito ya Mulungu ndiponso pa chinyengo. Chimene anachiika patsogolo, makamaka m'buku lake la 1746, ndi khalidwe la munthu pakapita nthawi. Mpingo womwewo unamuchotsa ubusa mu 1750, zimene zimaonetsa kuti ankadziwa khamu kuchokera mbali zonse ziwiri.

Ndikawerenganso mawu a Yesu onena za Yohane, ndimapeza kuti ovomereza agwira vesi yoyenera koma pa nsonga yolakwika. Pa Mateyu 21 Yesu akudzudzula atsogoleri kuti okhometsa msonkho ndi akazi adama anamukhulupirira Yohane, ndipo iwo ataona zimenezo sanatembenukebe. Choncho panalidi chinthu chooneka ndi maso chimene chinayenera kuwagwedeza. Koma Yesu sanatchule nambala. Anatchula mtundu wa anthu, anthu amene kusintha kwawo kunali ndi mtengo ndipo mzinda wonse ukanakuona. Ngakhale nkhani ya Harris, imene ndi mfundo yamphamvu kwambiri ya ovomereza, mphamvu yake siili pa 100,000 a mu 1914. Ili pa amene Platt anawapeza mu 1924. Ku Nineve nako, buku la Yona likunena kuti chimene Mulungu anaona ndi ntchito zawo, zoti anasiya njira yawo yoipa. Ziguduli sizikutchulidwanso pamenepo.

Chigamulo changa n'chakuti mutuwu, momwe walembedwera, sungaime. Khamu limasonyeza kuti mneneri wakhudza pamene pakupweteka, ndipo mpingo wanzeru umafunsa kuti bala limenelo ndi lotani ndi chifukwa chake iwo sunalione, monga Livingstonia inayenera kudzifunsa m'masiku a Kamwana. Khamu ndi chifukwa chokwanira chopitira kukamva, ndi chifukwa chokwanira chosanyoza. Kupitirira apo silingachitire umboni. Pa zochitika, izi zikutanthauza kuti ndalama zolondolera anthu ndi kuwaphunzitsa zizipatulidwa zisanapatulidwe za zimkuzamawu ndi jenereta. Lipoti la msonkhano lizidikira nyengo yokolola ndi yogulitsa idutse. Ndipo pofuna kudziwa za mlaliki, akuluampingo azifunsa kumene anapita zaka zitatu zapitazo, osati sabata yatha, ndipo azifunsa akazi a olapawo, owakongoza ndi owagula malonda.

Ngakhale muyeso umenewu uli ndi pobowoka pake, ndipo ndinaphunzira izi kuchokera m'katoni ija. Limodzi mwa makhadi amene ndinalemba ndekha linali la venda wogula mbewu, bambo wodziwika dera lonse kuti sikelo yake inali yobera. Sanabwere ku kalasi ngakhale tsiku limodzi, ndipo m'kaundula wathu tinamuika pa obwerera m'mbuyo. M'mwezi wa June, nthawi yogulitsa soya, ndinadutsa pa shedi yake ndi njinga ndipo ndinapeza mzere wa alimi wafika mpaka kumsewu. Mayi wina wa kumudzi kwathu anandiuza kuti thumba limene kwa mavenda ena limalemera makilogalamu 46, kwa bamboyo likukwana 50. Sikelo yakale ija anaipachika pa msomali kukhoma, yatsopano ili pamtanda. Ndinamva pambuyo pake kuti amapemphera ku mpingo wa akazi ake, kutsidya kwa mtsinje, kumene makhadi athu sankafika.